Tsiku Limene Anandilira Chifukwa cha Kapinga

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Golomoti pali amayi ena ogulitsa matemba amene amayamba andiyang'ana kumapazi asanandiyankhe moni. Amafuna kutsimikiza ngati mapaziwo akugundadi pansi. Sindiwaimba mlandu. Zonse ndinazichita ndekha, ndi khasu la amayi anga, masanasana, ndipo nthawi yonseyo ndinkakhulupirira kuti ndikutukula mudzi.

Ndiyambe ndi amalume, chifukwa popanda iwo khasulo sindikanaligwira. Abambo athu amagwira ntchito ku esiteti ya fodya kutali, ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Choncho zonse za ife zili m'manja mwa amalume a Lufeyo, mwini mbumba, amene amakhala kufupi ndi Golomoti pamodzi ndi ng'ombe zawo. Ndiwo ananditumiza ku sekondale yogonera komweko, ndipo ndiwonso akanatha kundichotsako ndi mawu amodzi okha.

Nditatsala pang'ono kukayamba Fomu 2 ndinapita kukawatsanzika. Inali nthawi ya dzuwa, kudambo kutapsa, ng'ombe zikungonyambita fumbi. Ndinawapeza atatsamira khola.

"Mphwanga," anatero osandiyang'ana, "ukuziona ng'ombezi? Zatsala nthiti zokhazokha. Ndizo zikukuphunzitsa iwe. Pa Khirisimasi ndidzabwera kwa mayi ako. Udzandionetse chinthu chimodzi chokha chimene sukuluyo yakuphunzitsa, choti munthu n'kuchigwira ndi manja. Chikasowa, pali mnyamata wina wakhala akundipatsa moni pafupipafupi."

Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Iwo sanaseke. Mnyamatayo ndimamudziwa. Ali ndi njinga, ali ndi wailesi, ndipo amalankhula ndi munthu uku akutokosa m'mano.

Teremu yonse mawu amenewo sanandichoke. Aphunzitsi akamalemba pabolodi ine ndinkangodzifunsa kuti, kodi apa amalume angagwirepo chiyani? Mitsinje ya ku Canada siingadyetse ng'ombe. Ndinkadziwa mafupa onse a chule, koma sindinkaona kuti ndikayamba bwanji kuwatchula pakhola paja. Chakudya chinkandikanika, ndipo anzanga ankati mwina ndayamba chibwenzi.

Chipulumutso chinabwera kudzera mwa a Kamwendo, aphunzitsi athu a zaulimi. Kutsogolo kwa ofesi ya a hedi kuli bwalo la kapinga wa masamba akuluakulu, wosiyana ndi wa kwathu uja wopyapyala. Tsiku lina anatiimika pamenepo, n'kuzula chingwe chimodzi cha udzuwo.

"Uyu mukabzala kamodzi mwabzala," anatero. "Chaka ndi chaka amaphukanso yekha. Pabwalo pamakongola, dothi silikokoloka, ndipo mukamweta n'kuumitsa pamthunzi, ng'ombe zidzadya mwezi wa Okutobala anzanu akulira."

Ng'ombe, Okutobala, chinthu chogwira ndi manja. Ndinaona kale amalume ataima pakati pa udzu wobiriwira akupukusa mutu mogoma, mnyamata wa njinga uja akupalasa kulowera kwina. Nditaweruka ndinapita kukapempha mbewu. A Kamwendo anakondwa kwambiri (palibe amene anawapemphapo kanthu chiyambire ntchito) ndipo anandilangiza kuti ndiyambe ndi bedi la nazale, udzu ukachuluka ndidzawokere kwina.

Mayeso atatsala pang'ono kutha ndinadwala malungo, mpaka anandigoneka kuchipatala. Sanali malungo oopsa kwenikweni, koma uthenga umakula panjira. Unachoka kusukulu uli "akumva mutu", unakwera sitima uli "wagonekedwa", ndipo pofika kwa azakhali, akazi a amalume, unali utasanduka "ali kayakaya". Ine izi sindinkazidziwa. Nditatuluka m'chipatala nkhawa yanga inali pa kapinga basi.

Ndinamunyamula m'kathumba konyowa. M'sitima monse ndinkangotsegula kathumbako kuona ngati akupuma, ndipo madzi anga akumwa anathera pa iyeyo. Bambo wina amene ndinakhala naye pampando anasuzumira n'kundifunsa ngati ndi mankhwala. Nditati ndi udzu, anasuntha pang'ono. Ndinatsika pa Mtakataka kukugwa mvula yamphamvu, anthu onse ali m'nyumba, ndipo nyumba yathu ili kumapeto kwenikweni kwa mudzi. Palibe anandiona ndikufika kupatula amayi.

Amayi anandigwira m'masaya, n'kunena kuti ndaonda ngati bango, n'kulamula kuti ndisapite kuchitsime kapena kudambo mpaka nditalimba. Kenako anaona kathumbako.

"M'menemo muli buledi?"

"Ayi amayi, ndi mbewu."

Anatsegula. Anayang'ana m'katimo nthawi yaitali ndithu.

"Kapinga," anatero potsiriza. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikumuzula kumunda, msana uwu unapindika chifukwa cha iyeyu. Iwe wamukweza sitima."

Ndinafotokoza zonse monga ananenera a Kamwendo. Ndinawauza kuti pabwalo pathu padzakhala ngati pa ofesi ya a hedi. Apa ndiye ndinalakwitsa, chifukwa bwalo la amayi ndi ulemu wawo. Amalisesa m'mamawa uliwonse mpaka mizere ya tsache kuoneka, ndipo kaudzu kakangotulutsa mutu sikaona dzuwa lachiwiri.

"Pabwalo panga pamere udzu anthu azinena kuti m'nyumba muno mulibe mkazi? Njoka zizigona pakhomo? Pita nazo kuseri uko, kunjira. Chimene uchite kumeneko ndi chako, bola chisandiyandikire."

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa mango, ndipo pafupi pake pamadutsa njira yochokera kunyanja kupita ku Golomoti. Ndinaona kuti malowo ndi abwino koposa. Anthu odutsa adzaona, adzafunsa, ndipo chitukuko chidzafalikira.

M'mawa mwake amayi analawirira kudambo kukawokera mpunga, monga ankachitira mudzi wonse masiku amenewo. Ine ndinatenga khasu. A Kamwendo anati bedi likhale mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, koma tepi ndinalibe. Ndinakumbukira kuti kuchipatala anandiyeza msinkhu, ndiye ndinagona chagada pansi, n'kulemba mzere kumutu ndi wina kumapazi, n'kuwonjezerako pang'ono. (Inde, ndinagonadi pamenepo, manja nditawongola m'mbali, ndikuyang'ana masamba a mango. Palibe chimene chinandinong'oneza mumtima.)

Kwathu kuno n'kotsika, mvula ikagwa madzi amadikha. Poopa kuti udzu wanga uvunda, ndinaunjika dothi mpaka linafika m'mawondo, n'kulisalaza bwinobwino ndi kumbuyo kwa khasu. Zingwe za kapinga ndinazikwirira, n'kungosiya timasamba tating'ono tikusuzumira, toti munthu woima panjira sangatione. Tsiku limenelo ndinalekera pomwepo chifukwa chizungulire chinandigwira.

Tulo sindinagone bwino. Bwanji mbuzi zikafukula? Bwanji amalume akafika n'kungoona mulu wa dothi, osazindikira kuti ndi sayansi? Kutacha ndinaganiza kuti bedilo lioneke la munthu wophunzira. Kusukulu mabedi onse amazunguliridwa ndi miyala yopaka laimu. Laimu ndinalibe, choncho ndinasungunula phulusa m'chitini n'kupaka miyala ndi manja. Inayera bwino. M'makona ndinazikamo maluwa ofiira a kumpanda, poti a Kamwendo amati ulimi ndi kukongoletsa malo zimayendera limodzi.

Chinatsala ndi chikwangwani. Lamulo la kumunda wa sukulu ndi lakuti bedi lililonse likhale ndi kathabwa kolembapo dzina la mwini wake, tsiku lobzala ndi dzina la mbewu. Ndinapeza kathabwa ka bokosi la sopo, n'kukakhomera chopingasa pakamtengo, n'kuzika kumutu kwa bedi. Inki ndinapanga ndi zakuda za m'batire yakutha. Ndinalemba dzina langa lonse ndi zilembo zikuluzikulu kuti amalume, amene maso awo ayamba kuvuta, asavutike. M'munsi mwake ndinalemba tsiku, mwezi ndi chaka. Pofika pa dzina la udzu malo anali atatha. Ndinati palibe kanthu, ndidzawauza pakamwa.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana ntchito yanga. Mulu wa dothi latsopano wa msinkhu wa munthu, miyala yoyera, maluwa, ndi thabwa lopingasa lokhala ndi dzina ndi tsiku. Inu mwaona kale chimene ine sindinaone. Ine ndinaona malikisi khumi pa khumi.

Dzuwa litakwera thupi linayambanso kuzizidwa, paja malungo sachoka tsiku limodzi. Ndinalowa m'nyumba osasamba n'komwe, phulusa lili m'manja, m'mikono ndi kumaso komwe ndinkapukutira thukuta. Ndinafunda nsalu yanga yoyera ya pabedi ya kusukulu n'kugona pamphasa. Ndili chigonere ndinamva mapazi a munthu panjira. Anaima. Panapita kanthawi, kenako ndinamva mawu a mzimayi akuwerenga dzina langa pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Ndinamwetulira m'nsalu muja. Woyamba kugoma ndi ameneyo, ndinatero mumtima. Mapaziwo anachoka mothamanga.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti anali a Naphiri, ogulitsa matemba aja, amene anali atangophunzira kuwerenga kusukulu ya kwacha. Dengu lawo analitula pakhomo pa amalume asanafike n'kumsika komwe.

Chinandidzutsa ndi kulira. Kunkachokera kutali, kunjira ya ku Golomoti, ndipo kunkayandikira. Aliyense wokulira kumudzi amakudziwa kulira kumeneko. Ndinakhala tsonga. Ndinaganiza za amayi kudambo: njoka, ng'ona, mphezi. Ndinakwawira pakazenera ka kuseri, kamene timatseka ndi kathabwa, n'kusuzumira pampata.

Kutsogolo kunali azakhali, manja ali kumutu, chitenje chikukwekwereka. Pambuyo pawo amayi ena a kwawoko, kenako amalume akukankha njinga, chipewa chili m'manja. Sanapite pakhomo. Analunjika pa mango paja. Ndipo azakhali atatsegula pakamwa, dzina limene linatuluka linali langa.

"Mwana wanga ine, wapita osanditsanzika ine. Sukulu yakudya ine."

Poyamba ndinamva mpumulo kuti amayi ali bwino. Kenako ndinayang'ana bedi langa kudzera pampata paja, ndi maso a munthu wochokera kunjira, ndipo ndinaona manda.

Munthu wanzeru akanatuluka nthawi yomweyo. Ine ndinati ndidikire kaye kulira kutsike pang'ono, chifukwa kudula akuluakulu pakamwa ndi mwano. Kulirako sikunatsike. Kunafika m'minda yapafupi, ndipo kwathu kukamveka zovuta khasu limagona pomwepo. Anthu anayamba kufika ndi matope m'miyendo, amayi kukhala mbali iyi, abambo mbali iyo. Wina anathyola nthambi n'kukaika panjira. Wina anatumidwa kudambo lakutali kukaitana amayi. Munthu aliyense wofika ankawonjezera kulemera kwa chitseko chimene ndinkayenera kutsegula. Ndikatuluka ndinena chiyani? Moni nonse? Pepani ndili moyo?

Pansi pa zenera lenilenilo panakhala amayi awiri, ndipo ndinkamva zonse.

"Koma dzana mayi ake, a Nabanda, ankati mwana wabwera, akupezako bwino."

"Kupezako bwino kumeneko ndiye kutsanzika. Ndi kolera imeneyi. A zaumoyo salola kugoneka, amangoti lero lomwe."

"Nanga kuseri kwa nyumba?"

"Ndi mvula imeneyi mukanawoloka naye bwanji mtsinje wa kumanda?"

"N'zoona. Nanga mayi ake apitiranji kudambo?"

"Chisoni chimazunguza mutu, mayi."

Funso lililonse limene likanandipulumutsa linkapeza yankho lake pomwepo.

Amalume anakhala pamuzu wa mango, pafupi ndi a Zuze, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi mwathu. Nkhope ya amalume sindinaionepo ili choncho. Poyamba anali ndi ukali.

"Mbumba yanga kuikidwa kuseri kwa nyumba ngati mwanapiye, ine mwini wake osauzidwa? Mlongo wanga wandiyesa chiyani?"

"Inu mukudandaula zimenezo," anayankha a Zuze. "Ine chikundiwawa n'china. Manda m'mudzi muno timakumba ndife. Awa wakumba ndani? Ndipo taonani makona akewo. Munthu ameneyu ntchito amaidziwa, atilanda malo."

Adzukulu amaloledwa kuseka pamaliro, koma amalume sanaseke nawo. Anayang'ana chikwangwani chija nthawi yaitali. Atayambanso kulankhula mawu awo anali atasintha, ndipo abambo onse anatchera khutu.

"Mwana ameneyu ndimati apite kutali. Zija ndinkamuuza za banja ndinkangomuopseza kuti alimbikire. Ng'ombe yoti idzamuperekeze ku Fomu 3 ndinali nditaisankha kale. Ndimati ngakhale khola litsale mitengo yokha, koma afike ku yunivesite ku Zomba, akavale chipewa chija. Tsopano taonani."

Anapukuta m'maso ndi chipewa chawo. Ine m'nyumba muja misozi inatsika, n'kusakanikirana ndi phulusa. Sindinkadziwa kuti amalume amandiganizira chotero. Komanso (ndinene zoona) mbali ina ya mutu wanga inkawerenga mboni zimene zinalipo, ndipo inandiuza kuti ndidikirenso pang'ono mwina awonjezera.

Amene anandidula ndi azakhali. Chisoni chitawakwera anadzigwetsa pabedi langa chafufumimba, n'kuyamba kugubuduzika. Anakumbatira dothi. Anayamba kulifukula ndi zala, akuitana dzina langa, ndipo m'manja mwawo ndinaona mukutuluka zingwe za kapinga, chimodzi, ziwiri, chitsa chonse. Udzu umene ndinaumwetsa madzi anga m'sitima. Umboni wanga wokhawo. Manyazi onse anathawa. Sindikumbukira kutsegula chitseko. Ndimangokumbukira ndikuzungulira nyumba, nsalu yoyera ili kumutu, nkhope ili mbuu, ndikukuwa:

"Azakhali, dzukanipo, mukundizulira udzu!"

Kenako bwalo linaphulika. A Naphiri analumpha mpanda umene mbuzi zathu zimaulephera. Amayi awiri a pazenera aja anathawira mbali imodzi n'kugundana mitu. Abambo ena amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi analowa m'chimanga akutchula mayina a oyera mtima mosatsata ndondomeko. Azakhali sanathe kudzuka. Anangotseka maso n'kumanena kuti, "Pita, mwana wanga, pita, sindinakulakwire ine. Ndolo zija ndidzabweza."

Otsala anali amalume ndi a Zuze. Amalume anaimirira, pakamwa pali pululu, chipewa chitagwa. A Zuze sanasunthe n'komwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndaika anthu ambiri ine," anatero, "koma wobwerera kudzalondera udzu ndi woyamba. Tabwera kuno." Ananditsina pamkono mpaka ndinalira. "Ndi munthu uyu, a Lufeyo. Mizukwa siinunkha thukuta."

Nthawi yomweyo amayi anatulukira. Za iwo sindingathe kuseka ngakhale lero. Anali atathamanga kuchokera kudambo, matope mpaka m'chiuno, mpango utagwera panjira. Wotumidwa uja anangowauza kuti, "Bwerani, mwana wanu anthu akumulira." Anandisiya m'mawa ndikudwala, ndiye anakhulupirira. Atandiona anaima, n'kukhala pansi pomwepo padothi. Ndinapita kukagwada pafupi nawo. Anandigwira kumaso, m'mapewa, m'manja. Kenako anayang'ana mulu uja, mtanda uja, maluwa aja, n'kundiyang'ananso ine.

"Ndinati chimene uchite kuseri kuno ndi chako," anatero motsitsa mawu. "Sindinati udziike m'manda."

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena akuseka, ena atakwiya chifukwa cha mpunga umene anausiya uli pamtunda mizu ili padzuwa. Ndinafotokoza zonse nditagwada: nazale, mamita awiri, Okutobala. Mawu anga ankamveka aang'ono kwambiri. Amalume anapita pachikwangwani n'kuwerama.

"Dzina lako ndaliona. Tsiku ndaliona. Nanga dzina la udzuwo lili pati?"

"Malo anatha, amalume."

"Malo anatha," anabwereza, akuyang'ana anthu.

Akuluakulu anagwirizana kuti chinthucho ndi malodza, ndipo dzuwa lisalowe chikadali chiimire. Anati amene anaunjika ndi amene asalaze. Choncho ndinatenganso khasu lija, mudzi wonse ukuonerera, n'kugumula bedi langa. A Zuze anazula mtanda n'kuuthyola pabondo, n'kundiuza kuti sukulu ikandikanika ndikawapeze, ntchito ilipo. Nkhuku ziwiri za amayi zinafa tsiku limenelo kuti alendo a ku Golomoti asabwerere ndi njala, ndipo mawa lake ndinayenda khomo ndi khomo ndi amayi kupepesa. Pogumula paja ndinkatola kachingwe kalikonse ka kapinga n'kubisa m'chitenje. Ndinkadziwa kuti chinthu chogwira ndi manja chija amalume achiona, ndipo chinali manda.

Chakumadzulo anandiitana pakhonde. Panali amayi, azakhali (amene sankafuna kundiyang'ana) ndi a Zuze, amene anatsalira chifukwa cha nkhuku.

"Mphwanga," anayamba amalume, "ndinati undionetse chimene sukulu yakuphunzitsa. Wandionetsa. Wandiyendetsa ulendo wonse uja ndikulira ngati mwana. Mayi ako akanafa ndi mtima. Ndiye ine ndaona kuti sukulu imeneyi..."

"Mpaka ku Zomba," anatero a Zuze, akuseteka fupa.

Amalume anatembenuka. "Mwati bwanji?"

"Ndikungokumbutsa. Ngakhale khola litsale mitengo yokha. Tinamva tonse, ngakhale mwini malirowo anamva. Mawu onenedwa pamanda sabwezedwa, a Lufeyo."

"Sanali manda amenewo."

"Pamene munkanena anali manda."

Ndinayang'ana pansi, ndikuwerenga nyerere, osapuma n'komwe. Amalume anakanda m'mutu. Kenako anatulutsa mpweya wautali.

"Apite," anatero. "Akakhala pamudzi pano atimaliza. Koma udzu wakewo usayandikire khola langa."

Ndi mmene ndinabwererera kusukulu. Kapinga uja ndinamubzala mwakachetechete m'mphepete mwa khwawa, pansi posalala, popanda mwala ngakhale umodzi. Wamera, ndipo wayanga kuposa mmene a Kamwendo ananenera. Mbuzi za amayi zanenepa naye. Koma m'mudzi monse amamutcha udzu wa pamanda, ndipo nditamweta mtolo woyamba n'kupita nawo ku Golomoti, amalume anandibweza nawo pachipata. Anati ng'ombe zawo ziwonde bwanji, sizingadye maliro a mwana wa mlongo wawo. Ndinausenzanso mpaka kwathu.

Ndaphunzirapo kuti ntchito ukaimaliza uzipita kukaima panjira, n'kuiyang'ana monga angaionere munthu amene sanakhale nawo m'kalasi. Teremu ino a Kamwendo akutiphunzitsa kukumba dzenje la manyowa, lotalika ndithu, lakuya mpaka m'chiuno, ndipo ati aliyense akakumbe lake kwawo pa tchuthi. Ndalingalira mofatsa. Langa ndikakumba lozungulira, ndipo a Zuze ndikawauziratu.